Lipoti la ulendo wa ku Sheffield: zaluso, mapaki ndi masewera mu mzinda umene ng'anjo zake zinazima

A Wapampando, akomiti nonse, makolo athu, amayi, abambo ndi achinyamata a gulu lathu la Amalawi okhala ku Leeds ndi ku Bradford, ndikupereka moni.

Munandituma ku Sheffield ku msonkhano wa masiku awiri wa magulu a m'madera a kuno ku Yorkshire. Kunali a mipingo, a makalabu a masewera, a zisudzo, osamala mapaki, ndi magulu a ife obwera. Nkhani yake inali yoti mzinda umene unkadyera chitsulo ukukhala bwanji tsopano ng'anjo zambiri zitazima, ndipo magulu ang'onoang'ono ngati lathuli angatolepo chiyani. Ndapita, ndabwerako, lipoti ndi ili. Ndalemba m'Chichewa mwadala, chifukwa la chaka chatha linali m'Chingerezi ndipo pofunsana pa msonkhano zinaoneka kuti ambirife tinangowerenga mutu wokha.

Ndiyambe ndi ndalama, poti ndi zimene zatentha pa WhatsApp ndisanafike n'komwe kunyumba. Munandipatsa £150. Sitima, chipinda cha usiku umodzi, mabasi a mumzinda ndi chakudya cha Lachisanu madzulo zadya £139, ndipo £11 yotsalayo ndapereka kwa Mayi Msungichuma pamodzi ndi malisiti onse. Achimwene ena afunsa kuti ndinagoneranji ku hotela pomwe sitima yothamanga ya ku Sheffield sitenga ngakhale ola limodzi. Funso ndi labwino. Lachinayi ndinagwira shifiti ya usiku, ndinaweruka 8 koloko m'mawa n'kulunjika kusiteshoni yunifolomu ili m'chikwama. Pulogalamu ya Lachisanu inatha 10 koloko usiku, ya Loweruka inayamba 8:30 m'mawa kupaki. Amene anafikapo kwanga akudziwa kuti ndikatsika sitima pamatsalabe mabasi awiri. Tikumbukirenso kuti pamene A Wapampando ankafunsa woti apite, manja onse anali m'thumba. Zimenezo ndathana nazo.

Ambirife Sheffield timangomuwerenga pa zikwangwani za mumsewu wa M1. Ine dzinali ndinayamba kuliona ndili mwana, pa mpeni wakale wa agogo anga umene sankalola kuti mwana aukhudze, ndipo ndinkayesa kuti ndi dzina la mzungu amene anawapatsa. Kumeneko ndi kumene Benjamin Huntsman anapeza njira yosungunulira chitsulo m'miphika yadothi cha m'ma 1740, ndiponso kumene Harry Brearley anapanga chitsulo chosachita dzimbiri mu 1913. Magetsi asanabwere, mitsinje isanu ya mzindawu, Don, Sheaf, Rivelin, Loxley ndi Porter, ndiyo inkazunguza mawilo a onola mipeni. Kenaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zinthu zinatembenuka. Mu 1980 kunali sitiraka ya miyezi itatu, mafakitale anayamba kutsekedwa motsatizana, ndipo anthu masauzande ambirimbiri anakhala pakhomo. Chitsulo sichinatheretu ayi. Fakitale ya Forgemasters ikugwirabe ntchito, boma linaigula mu 2021, koma makina anachuluka, anthu anachepa. Meadowhall ija timakagulako zovala za Khirisimasi inatsegulidwa mu 1990 pamalo pomwe panali fakitale ya Hadfields. Inu mukamasankha nsapato, mukuponda pamene anthu ankathira chitsulo chamoto.

Chimene chinandigwira mtima pa chiyambi pomwe ndi anthu amene anali m'chipindamo. Munali zidzukulu za anthu ochokera ku Yemen, ku Somalia, ku Pakistan ndi ku zilumba za Caribbean, amene anabwera m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kudzagwira ntchito zotentha za pang'anjo. Anabwera ngati m'mene tabwerera ife kudzasamalira okalamba a eni dziko, akuganiza kuti akhala zaka zochepa n'kubwerera kwawo. Ntchito inatha, iwo anatsala, ana awo anabadwira konko. Ndinakhala pansi ndikuona ngati ndikuyang'ana gulu lathu zaka 50 zikubwerazi.

Lachisanu masana anatitengera ku Kelham Island, kunyumba yosungiramo zinthu zakale za mafakitale. Pakhomo anaimikapo chimphika chachikulu cha Bessemer chimene ankayengeramo chitsulo, chachitali kuposa nyumba. M'kati muli injini yotchedwa River Don, yopangidwa mu 1905, ya mphamvu za mahatchi 12,000, imene inkapsinja zitsulo zokutira sitima zankhondo za panyanja. Amailiza kuti alendo aone. Abale anga, pansi panagwedezeka, mtima unagunda kukhosi, ndipo chinthu chachikulu ngati chimenecho chimasintha kozungulira m'masekondi awiri okha. Ndinajambula vidiyo koma foni siyitha kunyamula phokoso limenelo. Ana athu ayenera kukaona.

Pobwerera tinadutsa pa Barker's Pool, kutsogolo kwa City Hall, pamene pali chiboliboli cha amayi awiri atakolowekana mikono, atavala zovala zantchito. Chimatchedwa Women of Steel, anachiika mu 2016. Ndi chikumbutso cha amayi amene anagwira ntchito m'mafakitale a zitsulo pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu amuna atapita kukamenya nkhondo. Ankalandira zochepa kuposa amuna pa ntchito yomweyo, ndipo nkhondo itatha anangowauza kuti azipita kwawo, popanda ngakhale zikomo. Zikomoyo inabwera patapita zaka 70, ambiri atamwalira, ndipo ndalama zake anasonkha ndi anthu wamba. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka anzanga anandisiya. Ndinkaganiza za amayi asanu ndi mmodzi a m'gulu lathu amene amaphika nsima, mpunga ndi nkhuku za anthu onse pa 6 Julayi, kuyamba 5 koloko m'mawa, n'kutsuka mapoto ena akuvina, koma pa mndandanda wa othokozedwa amatchulidwa kuti "amayi a kukhitchini" pambuyo pa DJ. Sindikupempha chiboliboli. Mayina awo okha atchulidwe.

Zokambirana za m'mawa wa Lachisanu zinali za malamulo osungira mayina ndi manambala a anthu, za inshuwalansi, ndi za kalembedwe ka mafomu. Anayankhula, tinamva, mapepala ndabweretsa. Chimodzi chokha ndicho ndinalemba ndi cholembera chofiira. Thumba la National Lottery lili ndi thandizo la magulu ang'onoang'ono lofika £20,000, koma amafuna gulu lokhala ndi malamulo olembedwa, akaunti ya kubanki ya dzina la gululo, ndi anthu oyendetsa gulu amene sali pachibale. Ife malamulo athu akadali "akukonzedwa" chaka chachinayi tsopano, ndipo zopereka zathu zimalowa mu akaunti ya munthu. Sindikunena kuti wina waba, musandimve molakwa. Ndikunena kuti pakhomo pali ndalama ndipo tadzitsekera tokha panja.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti ndicho £139 yanu yagula.

Mafakitale atagwa, akuluakulu a mzinda anaganiza zodzutsa Sheffield ndi masewera. Anaitanitsa mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite a dziko lonse, World Student Games, umene unachitika mu 1991. Anakongola ndalama n'kumanga dziwe losambira la Ponds Forge, chiholo cha Arena, ndi bwalo la Don Valley Stadium la anthu 25,000, pamalo pomwe panali fakitale ya Brown Bayley. Mpikisano unatha m'masabata awiri. Ngongole inakonzedwa kuti ithe mu 2024, zaka 33 pambuyo pake. Mwana amene anabadwa alendo akunyamuka anakula, anakwatira, anabereka, khonsolo ikubwezabe. Ndiye imvani izi. Pa bwalo la Don Valley ndi pamene Jessica Ennis, mwana wa mu Sheffield momwemo, bambo ake a ku Jamaica, anayambira kuthamanga ali ndi zaka 10. Mu 2012 anapata mendulo ya golide ku Olympics ya ku London. Chaka chotsatira, mu 2013, khonsolo inatseka bwalolo n'kuligwetsa, chifukwa kuliyendetsa kunkadya pafupifupi £700,000 pachaka. Analigwetsa ngongole yake isanathe. Tinapita pamalopo. Pano pali sukulu, bwalo laling'ono ndi malo ena a masewera otchedwa Olympic Legacy Park, ndipo kunena zoona ana ndinawaona akusewera. Ponds Forge ndi Arena zilipobe, zikugwira ntchito, choncho sindinganene kuti zonse zinapita m'madzi. Koma mumtima ndinaulukira ku Lilongwe, ku zimene zinamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa, a Region 5, mu 2022, ndikudzifunsa kuti alendo akapita bilu ya magetsi amalipira ndani.

Chachiwiri ndi nyumba zinayi zozungulira ngati ng'oma, zokutidwa ndi chitsulo chonyezimira, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Zinamangidwa ndi £15 miliyoni kuti zikhale National Centre for Popular Music, malo osonyezera mbiri ya nyimbo. Ankayembekeza alendo 400,000 pachaka. Zinatsegulidwa mu 1999, zinatsekedwa mu 2000. Pambuyo pake anazitenga ophunzira a yunivesite ya Sheffield Hallam. Kunja n'zokongola mpaka lero, munthu sungadutse osajambula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Loweruka masana anatitengera ku malo ena osiyana kotheratu. Kumtunda, kudera la Crosspool, kuli bwalo lotchedwa Sandygate la timu ya Hallam FC. Ndi bwalo la mpira wamiyendo lakale kuposa onse pa dziko lapansi. Masewero oyamba anachitika pa 26 Disembala 1860, pakati pa Hallam ndi Sheffield FC, timu yakale kuposa onse, yomwe inayamba mu 1857. Ine ndinkayembekeza chinthu chachikulu. Ndinapeza kabwalo kotsetsereka, goli lina lili kumtunda lina kumunsi, kashedi kakang'ono ka owonerera, mbali ina akugawana ndi a cricket. Bwalo la sukulu ya sekondale imene ndinaphunzira ine likhoza kupikisana nalo. Koma pamenepo anthu akhala akumenya mpira zaka zoposa 160, pomwe chibwalo cha anthu 25,000 sichinakwanitse zaka 25. Amene amagulitsa matikiti pachipata, kuphika tiyi ndi kujambula mizere ndi anthu a m'deralo ongodzipereka.

Anatifotokozeranso za malo ophunzitsira nkhonya a ku Wincobank, ngakhale sitinafikeko. Brendan Ingle, munthu wa ku Dublin amene anabwera ku Sheffield ali mnyamata n'kugwirako ntchito ya zitsulo, anayamba kusonkhanitsa ana osowa chochita mu holo yakale ya tchalitchi. Pansi anajambulapo mizere ndi penti yophunzitsira kaponyedwe ka mapazi. M'kaholo kameneko munatuluka akatswiri a dziko lonse monga Naseem Hamed, mwana wa makolo a ku Yemen amene anali ndi kagolosale pafupi pomwepo, Johnny Nelson, Junior Witter ndi Kell Brook. Mkuluyo anamwalira mu 2018, malowo akugwirabe ntchito. Holo yobwereka, chitini cha penti, ndi munthu mmodzi wotsegula chitseko tsiku ndi tsiku.

A Wapampando, mwaona kale kumene ndikulowera, ndiye ndingonena. Zaka zisanu tsopano tikusonkha thumba logulira holo yathuyathu. Ndinavomera nawo pachiyambi, dzanja langa linakwera. Lero ndasintha maganizo. Tinene kuti Mulungu watichitira chifundo, holoyo tagula. Adzalipire ndani gasi m'nyengo yozizira? Denga likadontha? Inshuwalansi? Khonsolo ya mzinda wa anthu oposa theka la miliyoni inalephera kusunga bwalo lake, nanga ife amene zopereka za pamwezi timachita kukumbutsana katatu? Ndikudziwa yankho la amalume athu ena, loti anzathu a mayiko ena ali ndi maholo awo, ife tizingobwereka mpaka liti. Ndi zoona, ndipo zimapweteka kupempha kiyi kwa munthu ndi kutulutsidwa 11 koloko nyimbo zitangoyamba kukoma. Komatu anzathuwo ndinacheza nawo pa tiyi. Mayi wina wa gulu lomwe lili ndi nyumba yakeyake anandiuza kuti misonkhano yawo yonse imathera pa boila ndi denga, nkhani za ana sizifikiridwa.

Ndipo nkhani ya ana ndiyo yanga. Atsikana athu a mpira wamanja alipo 14. Chaka chatha komiti inalonjeza majezi ndi ndalama ya bwalo. Miyezi itatu ndinalipira bwalo la sukulu ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndikuuzidwa kuti "tikubwezerani tikakhala pansi". Sitinakhale pansi mpaka lero. Bwalolo tinalisiya, atsikanawo anabalalika, awiri akusewera matimu a eni dziko ndipo akuchita bwino, enawo ali pa TikTok. Chaka chomwecho tinapereka dipoziti yoitanira woimba wochokera kumudzi, viza sinatuluke, ndalama sinabwerere, ndipo palibe anaima kufotokoza kuti inali ndalama zingati. Ndalama imeneyo ikanalipira bwalo chaka chathunthu, ndikutero ine. Dziko lathu limadziwika ndi ntchemberembaye. Mu 2018 ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 ku Commonwealth Games, tinakuwa m'nyumba za eni mpaka aneba kugogoda. Joyce Mvula anasewera zaka zingapo ku Manchester Thunder, kuseri kwa mapiri pompa. Koma ana athu obadwira kuno alibe pokaponyera mpira Loweruka. Chikondwerero cha 6 Julayi sindikudana nacho, ndimavina kuposa ambiri a inu. Koma ndi tsiku limodzi, ndipo chaka chili ndi ma Loweruka 52.

Ndibwerere ku msonkhano ndisanaiwale za mapaki, chifukwa Loweruka m'mawa tinayambira ku Endcliffe Park. Sheffield ndi mzinda wa mitengo, munthu sungakhulupirire kuti kale unkadziwika ndi utsi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a malo ake lili m'kati mwa Peak District National Park, ndipo mapaki ena, monga Graves Park, anachita kupatsidwa kwa anthu ndi munthu wachuma wa mumzindamo. 9 koloko itakwana ndinaona khamu likuthamanga makilomita asanu a parkrun, agogo, amayi okankha ana m'tingolo, anyamata, onse ulere, owerengera nthawi ndi ongodzipereka. Ndinachita manyazi nditamva kuti zomwezi zimachitika ku Woodhouse Moor kuno ku Leeds kuyambira 2007, ine ndimadutsa pamenepo pa basi ndikuyesa kuti ndi mpikisano wolipira. Amene adokotala anatiuza za shuga ndi BP tilipo ambiri m'gulu muno. Iyi sifuna komiti.

Panali mkangano wabwino pa za kubwereketsa mapaki kwa ochititsa zisangalalo. Chikondwerero cha nyimbo cha Tramlines chinayamba mu 2009 chili chaulere pakati pa mzinda, pano n'cholipira ndipo chimachitikira ku Hillsborough Park. Mu 2023 kunagwa chimvula, khamu linapondaponda udzu mpaka paki inasanduka dambo, ndipo mbali ina inakhala yotchingidwa nthawi yaitali ana ali pa holide. Ena m'chipindamo ankati popanda ndalama za zikondwerero mapaki sangasamalidwe, ena ankati paki ndi ya amene amakhala pafupi nayo. Ine ndinali mbali ya oyambawo, walira mvula walira matope, koma mayi wina wokhala moyang'anana ndi pakiyo atafotokoza za adzukulu ake, ndinangokhala chete.

Nkhani ya mitengo ya m'misewu ndiyo inanditsegula maso. Mu 2012 khonsolo inasaina kontirakiti ya zaka 25 yokonza misewu, ndipo mitengo masauzande inayamba kugwetsedwa, ina yabwinobwino. Anthu anakana. Mu Novembala 2016, mumsewu wa Rustlings Road pafupi ndi paki yomwe tinaimayo, anthu anadzutsidwa mbandakucha kuti achotse magalimoto, macheka anayamba kulira kusanache, ndipo ena mwa omangidwa anali amayi okalamba. Mkanganowo unatha zaka. Mu 2023 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Sir Mark Lowcock anapeza kuti khonsolo sinkauza anthu zoona, ndipo khonsoloyo inapepesa poyera. Chimene chinakwiyitsa anthu kwambiri sichinali macheka, chinali kubisa mapepala. Ndikangonena choncho, amene tinapempha lipoti la chuma cha 6 Julayi wa zaka ziwiri zapitazo tikumvana. Khonsolo yathunthu inapepesa ndipo sinafe.

Gawo la chitetezo cha khamu ndinalowamo ndikuyesa kuti ndikawodzera, koma ndinatuluka nditazizidwa. Mu Sheffield simungakambe nkhani imeneyi osatchula 15 Epulo 1989, pamene anthu anapanikizana pa bwalo la Hillsborough pa masewero a Liverpool ndi Nottingham Forest. Anthu 97 anataya miyoyo chifukwa cha tsiku limenelo, ndipo panatenga mpaka 2016 kuti bwalo lofufuza za imfa linene kuti ochemerera sanalakwe. Ife tili ndi chilonda chathu: pa 6 Julayi 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa chipata cha Bingu National Stadium. Wophunzitsayo anatifunsa kuti ndani amadziwa chiwerengero chololedwa mu holo imene gulu lake limabwereka. Ndinayang'ana pansi. Chaka chatha tinalowetsa anthu mpaka ena kuima m'khonde, ndipo khomo lothawira moto tinatsekapo ndi tebulo la zakumwa. Ndinaliona ndi maso anga, sindinanene kanthu, choncho mlanduwu ndi wanganso. Chaka chino pakhale anthu awiri pakhomo owerenga olowa, ndipo nambala ikakwana, yakwana, kaya wabwerayo ndi mlamu wa ndani.

Lachisanu usiku anatipatsa matikiti a sewero ku Crucible Theatre. Dzinalo likuchokera ku miphika yadothi ya Huntsman ija. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1971, ili ndi mipando 980, ndipo owonerera amazungulira siteji mbali zitatu ngati pabwalo la gule, palibe amene amakhala kutali. Chaka chilichonse kuyambira 1977, kawirikawiri mu Epulo ndi Meyi, amachotsa zisudzo n'kuikamo matebulo a mpikisano wa snooker wa dziko lonse. Mu 2025 anapambana Zhao Xintong, munthu woyamba wa ku China kutero. Ndinakumbuka anyamata a pa tebulo la pool pa malo ochitira malonda kwathu, amene timawanena kuti ndi malova. Za sewerolo musandifunse zambiri. Chingerezi cha ku Sheffield n'china, ngakhale woyendetsa basi amaitana bambo wandevu kuti "love", ndipo munthu amene sanagone usiku wathunthu akamuika pa mpando wofewa mumdima, mukudziwa chimachitika. Theka loyamba linali labwino.

Pafupi pomwepo pali Winter Garden, chinyumba chagalasi chokhala ndi zomera zoposa 2,000 zochokera kumayiko osiyanasiyana, cholowa ulere. Mizati yake ndi yamatabwa, mu mzinda wa chitsulo. Ndinapezamo anthu akudya nkhomaliro yochokera kunyumba, okalamba akuwotha, palibe wowathamangitsa kuti agule kanthu. Pa zomangidwa zikuluzikulu zonse, ichi chokha ndicho ndinachisirira.

Msonkhano unatseka ndi mfundo zitatu. Yoyamba, pakhale mndandanda umodzi wa maholo ndi mabwalo amene magulu angabwerekane motchipa. Ndinavomera ndi manja awiri ndipo ndalembetsa dzina la gulu lathu, ngati ndaphonya mundikhululukire. Kudzera pamenepo ndapeza kale mpingo wina wa kuno ku Leeds umene uli ndi holo yokhala ndi mizere ya mpira wamanja, yomwe imangokhala Loweruka masana. Yachiwiri, alembe kalata ku makhonsolo yodandaula za kukwera kwa mitengo ya mabwalo. Ndinakweza dzanja poti ena onse anakweza, koma kalata zotere ndikudziwa kumene zimathera. Yachitatu, tidzakumanenso chaka chamawa. Pamenepo ndikupempha kuti mudzatume wachinyamata, makamaka mwa obadwira kuno, chifukwa magulu ena anabwera ndi ana awo ndipo ndi amene ankafunsa mafunso anzeru. Panalinso gawo la momwe tingagwiritsire ntchito Instagram, ndinatuluka kukaimba foni kuntchito.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wa mwezi uno pakhale zinthu izi pa ajenda, ndipo zikambidwe tisanadye, chifukwa tikadya anthu amayamba kusuzumira nthawi ya basi. Titsegule akaunti ya dzina la gulu ndi kumaliza malamulo athu isanafike 6 Julayi. Tivote ngati gawo la thumba la holo lingapite ku bwalo la ana la Loweruka lililonse kwa chaka chimodzi, tione ngati ana abwera. Ngati sabwera, ndidzaima pamaso panu n'kuvomera kuti ndinalakwa. Tikonzenso ulendo wa ana ku Kelham Island pa holide ikubwerayi, n'kudzera ku Sandygate ngati Hallam ikusewera pakhomo. Za ndalama yanga ya miyezi itatu ija, malisiti ake ndawaika mu envulopu yomweyo ndi a ku Sheffield, Mayi Msungichuma awaona.

Ndipo amene anatenga chikwama cha mipira ndi wisulo pa pikiniki ya ku Roundhay Park, chonde abwere nacho. Sitifunsa kuti chinali kuti.

Ine wanu,
Mlembi wa zamasewera ndi chikhalidwe